Ufa watha, makolo sanalipire: mitengo tiikonze bwanji?

Mayi a Tiyamike, Nchalo:
Anzanga olera ana, ndigawireni nzeru. Pakhomo panga ndimasunga ana 11, ambiri makolo awo amagwira ntchito kunzimbe. Tinagwirizana K15,000 pamwezi, phala la m'mawa ndi nsima ya masana zili momwemo. Mtengowu ndinauika kwacha isanagwe mu Novembala 2023, mpaka lero ndikuopa kukweza. Lero ndi tsiku la 12 la mwezi, koma amene alipira ndi anayi okha. Ufa ndatenga pangongole kugolosale, mtsikana wondithandiza nayenso akudikira zake. Mwana sindingamubweze pakhomo, iye alakwanji? Koma ndatopa.

Anaphiri, Ngabu:
Pepani achemwali. Chimene chikukupwetekani ndi kuphatikiza chakudya ndi ulezi pamtengo umodzi. Chimanga chikakwera mu Januwale, chimadya thukuta lanu. Ine ndinazilekanitsa. Ya ulezi ndi yokhazikika chaka chonse, ya chakudya timakhala pansi ndi makolo teremu iliyonse, tikuwerengera limodzi ufa, soya, shuga, nkhuni ndi sopo. Akaona okha mtengo wa ndowa pamsika, mkangano umachepa. Komanso musamalandire pambuyo. Muzilandira mwezi usanayambe, masiku atatu okha chilandirireni malipiro awo. Ndalama ikagona sabata m'thumba la munthu pa Nchalo, simuionanso.

Mayi a Mapasa, Bangula:
Kwathu kuno makolo ambiri ndi alimi ndi asodzi, za pamwezi sizitheka. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ndikanaumirira ndalama ndikanatsala ndekha ndi mikeka. Ndinayamba kulandira ndowa ya mapira kapena chimanga, mtolo wa nkhuni, nthawi zina nsomba zouma. Chachikulu, muziika mtengo wa katunduyo tsiku lomwe wabwera n'kulemba m'kope, apo ayi mawa adzati ndowa ija inali ya miyezi iwiri. Ena amamaliza ngongole akagulitsa thonje, ndipo ndimawadikira chifukwa ndimawadziwa mpaka kumunda kwawo.

Bambo Mbewe, komiti ya mkombaphala, Chikwawa:
Mayi, makolo ena amasokoneza malo anu ndi mkombaphala wa m'mudzi, kumene alezi amagwira modzipereka ndipo anthu amangosonkha ufa. Ndiye amaona ngati kulipira n'kukuchitirani chifundo. Aitaneni onse pamodzi, muwafotokozere kuti yanu ndi ntchito. Mgwirizano ulembedwe, aliyense asayine, pakhale mboni. Mukapita kuboma mudutsenso ku ofesi ya Social Welfare, akuuzeni zofunika pa malo osungira ana.

Anambewe, Dyeratu:
Palibe wanena za makanda. Mwana wosayenda sangafanane mtengo ndi wa zaka zinayi. Amafuna kumbuyo, matewera, ndipo kutentha kwa Okutobala kuno umangokhalira kumumwetsa ndi kumusambitsa. Ine pa khanda ndimawonjezera theka pamwamba pa mtengo wa mwana wamkulu. Amayi a geni amene amasiya mwana tsiku la msika lokha amalipira patsiku, pompopompo, mtengo wake wokwererapo. Wobwera kudzatenga mwana dzuwa litalowa amawonjezera, pokhapokha atanena m'mawa kuti ali ndi shifiti.

Mayi a Tiyamike, Nchalo:
Zikomo nonse. Nanga kudula nzimbe kukatha, aganyu n'kubwerera kwawo ndi ngongole? Chaka chatha awiri anapita osatsanzika.

Anaphiri, Ngabu:
N'chifukwa chake ndati zapatsogolo. Wobwera nyengo ya nzimbe yokha aziyamba ndi mwezi wathunthu m'manja kapena pa Mpamba kapena Airtel Money, uthenga wake mumausunga ngati lisiti. Amene ali ndi ngongole panopa musawachititse manyazi pamaso pa ana. Apitireni kunyumba madzulo, mugawe ngongoleyo pawiri kapena patatu.

Mayi a Tiyamike, Nchalo:
Ndawaitana makolo Loweruka pansi pa mtengo wa nimu. Anaphiri, nditumizireni chithunzi cha tsamba la kope lanu, mayina muphimbe, ndione m'mene mumalembera za chakudya.