"Kupatsa n'kuika": kuika kwake ndi kuti?

Wofunsa, ali ku Durban:

Abale anga, ndithandizeni, mwina ndanamiza munthu wamkulu. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Chatsworth, dera limene kuli amwenye ambiri. Makolo a anthu ambiri kuno anayamba kufika mu 1860 kudzalima nzimbe ku Natal, choncho agogo aakazi amene ndimawasamalirawa India amangoimva ngati mmene ine ndimamvera za Uluba, kumene amati makolo athu anachokera. Koma chipembedzo anachigwira zolimba. Amapemphera ku kachisi wa konkuno wa a Hare Krishna, gulu lina la Ahindu, amene anatsegulidwa mu 1985.

Amadzuka tambala asanalire. Akasamba amayatsa kanyali pa kaguwa kawo, n'kuthirira kamtengo kotchedwa tulasi, kamene kamanunkhira ngati mpungabwi. Kenako dzanja m'kathumba ka mikanda 108, kutchula maina a Mulungu wawo chapansipansi, ndipo mikandayo amaizungulira ka 16 patsiku. Kukhitchini ndiye kunandivuta poyamba. Nyama ayi, nsomba ayi, mazira ayi, ngakhale anyezi ndi adyo salowa mumphika. Sabata yoyamba ndinadontheza msuzi pachikhatho n'kunyambita kuti ndimve mchere, monga timachitira tonse. Anandigwira dzanja mwaulemu n'kunena kuti woyamba kulawa ndi Krishna, Mulungu wawoyo. Chakudya chimayamba chapita pa guwa m'timbale take, chikachoka pamenepo ndiye chimatchedwa prasad, anthu n'kudya.

Nkhani yanga ili apa. Lamulungu lapitali tinaphika mphika waukulu wa mpunga ndi nandolo wogaya uja amati dhal, n'kukagawira anyamata amene amadikirira maganyu pamphambano. Wina analandira, n'kusuzumira m'mbale, n'kuti, "Nyama mulibe?" Zikomo osanena. Ine zinandiwawa m'malo mwa agogowo, ndiye pofuna kuwatonthoza ndinati kwathu timati kupatsa n'kuika. Atafunsa tanthauzo ndinati zili ngati kusunga ndalama kubanki, chimene wapereka lero udzachipeza mawa.

Anapukusa mutu. Akuti ngati chidzabwerera kwa iwo ndiye kuti sanapatse, akongoza. Ndiponso akuti mpungawo si wawo, Mwini wake anadya kale, iwo akungogawa makombo.

Ndiye ndikufunsa inu odziwa Chichewa chakale: kuika kumeneku ndi kuti? Ndinamasulira molakwa, kapena mwambi wathuwu ndi wa katapila basi?

Bambo wa ku Mchinji:

Achemwali, simunalakwitse. Kwathu kuno ena amanena kuti kupatsa n'kuikiza, ndipo pamenepo tanthauzo limaonekeratu. Kuikiza mumakudziwa: uli ndi mbuzi zisanu, ziwiri ukazisiya m'khola la mlamu wako kutsidya kwa mtsinje. Chigodola chikagwa kwanu kapena akuba akathyola khola, sunatheretu. Wosungayo amapeza manyowa, ndipo zikaswana umamusiyirako kamwana. Mbuzi ndi yakobe, koma ikugona kwina.

Ine sindiona chochititsa manyazi pamenepa. Njala ya 2002 ija, mayi anga anapulumuka ndi madeya ochokera kwa mayi wina amene zaka zam'mbuyo ankabwera kudzapempha mchere ndi moto. Palibe analemba m'kabuku, koma aliyense ankakumbukira. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Osauka banki yathu ndi anthu.

Mayi, mphunzitsi wa Chichewa wopuma pantchito, ku Ntcheu:

Bambo a ku Mchinji, ndikuvomerezani theka. Kuika ndi kuikiza ndi mawu apachibale koma si mapasa. Woikiza amadziwa khola, amadziwa mtundu wa mbuzi, ndipo tsiku lina adzapita ndi chingwe kukaitenga. Woika sikuti nthawi zonse amabwerera. Kodi maliro sitimati taika? Ndani anapitanso kumanda ndi khasu kuti andibwezere?

Taonaninso kamangidwe ka mwambiwo. Sukunena kuti kupatsa n'kudziikira. Akuluakulu akadafuna kutero, mawuwo analipo. Anangoti kuika, osatchula wodzatenga. Mmene ndinkawauzira ana m'kalasi, chimanga chosiyidwa pabwalo chimadyedwa ndi nkhuku, chouma m'nkhokwe chimafumbwa ndi anankafumbwe, koma cholowa m'mimba mwa mnzako chaikidwa pamalo pamene sichiwonongeka. Wodzachipeza mwina ndi iwe, mwina mdzukulu wako atasochera ulendo, mwina palibe wa kumtundu kwako. Mwambiwu ukutsutsa maganizo akuti kupatsa n'kutaya. Za chiwongoladzanja tawonjezera ndife a masiku ano, chifukwa tikamva za kusunga timangoona banki m'khonde.

Mwana wanga wa ku Durban, pamene panakupunthwitsa ndi pa liwu la banki lija.

Mnyamata amene akuphunzira ku Gujarat, India:

Amayi aphunzitsi, zikomo, za "kudziikira" sindinaziganizepo. Ndingowonjezera mbali ya agogo aja, chifukwa sanalankhule za m'mutu mwawo. M'buku lawo la Bhagavad Gita, mutu 17, mphatso anazigawa patatu. Yapamwamba ndi yoperekedwa chifukwa n'koyenera kupereka, pamalo ndi nthawi yoyenera, kwa munthu amene sadzakubwezera. Yachiwiri ndi yoperekedwa ukuyembekezera kubwezeredwa, kapena monyinyirika. Yotsika kwambiri ndi yoponyera munthu monyoza. Ndiye mutawauza za banki, iwo anamva kuti mukuika mpunga wawo m'gulu lachiwiri. Pa mutu 2 ndime 47 pali chiphunzitso chimene aliyense kuno amachidziwa, choti gawo lako ndi ntchito, zipatso zake si zako.

Koma musaganize kuti Ahindu onse amakhala pamwamba pomwepo. Anzanga ambiri m'kalasi amapita kukachisi mayeso akayandikira, atanyamula kokonati ndi maluwa, ndipo amakhulupirira kuti zabwino zimene wachita zimasungika, amazitcha punya. Kumeneko ndi kuikiza kwa bambo a ku Mchinji ndithu. Kusiyana kwa anthu ngati agogo anuwo n'kwakuti kwa iwo ngakhale malipiro abwino ndi chingwe. Amakhulupirira kuti munthu amabadwanso, ndipo ngati uli ndi zoti ulandire, uyenera kubweranso kudzalandira. Iwo safuna kubweranso, akufuna kupita kwa Krishna. N'chifukwa chake mawu akuti "mudzachipeza" sanawatonthoze. Kwa ife ndi dalitso, kwa iwo ndi samani yoti akaonekerenso kubwalo.

Za nandolo zandiseketsa. Dhal amene timadya kuno tsiku ndi tsiku, wina amachokera ku minda ya ku Mulanje ndi Phalombe komweko.

Mkulu wa mpingo, ku Lilongwe:

Nkhondo imeneyi ili ndi m'Baibulo momwe. Miyambo 19:17 imati wochitira chifundo wosauka akukongoza Yehova. Koma pa Luka 14 Yesu akuti ukakonza phwando usaitane okhoza kukubwezera. Ife timalalikira zonse ziwiri, ndipo ndivomere kuti pa Lamulungu la chopereka timakonda yoyambayo.

Agogo aamuna, ku Nsanje (akulembera ndi mdzukulu):

Ine chandigwira mtima ndi cha kusalawa chija. Anthu inu mukudabwa chiyani? Ife tili ana, mapira atsopano sankadyedwa chisawawa akulu asanatsire nsembe. Mowa ukapsa, chikho choyamba chinali cha pansi, cha mizimu. Ku Khulubvi, kwa Mbona, mpaka lero anthu salowa ndi nsapato. Mayi wachimwenyeyo ndikadakhala naye pamphasa tikadamvana msanga kuposa mmene ndimamvanirana ndi adzukulu angawa.

Koma ndisanamize, ife potsira nsembe tinkapempha mvula. Sitinkatsira ufa pansi kuti tingotsira. Ndiye ngati mayiyo amaperekadi osafuna kanthu, ngakhale mvula, watiposa. Kapena akufuna chinthu chachikulu kuposa mvula, ndiye zing'onozing'onozi sazionanso. Mumufunse.

Bambo wa ku Mchinji:

Agogo mwalasa. Wokana mbuzi chifukwa akudikira ng'ombe sitinganene kuti safuna chiweto.

Mayi mphunzitsi:

Bambo inu, musafulumire kuseka. Mayi akamayamwitsa usiku amakhala akuwerengera kuti mwanayu adzandigulira malata? Ena amatero, inde. Koma ambiri amangoyamwitsa chifukwa mwana akulira.

Wofunsa:

Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri. Dzulo madzulo tikusankha mpunga patebulo ndinayambitsanso nkhaniyi. Ndinawauza kuti ndinamasulira mopupuluma, ndipo ndinafotokoza za amayi aphunzitsi, kuti mwambiwo sutchula wodzatenga. Anasiya kusankha, n'kundiuza kuti ndinene mawuwo pang'onopang'ono m'Chichewa. Anayesa kubwereza, "kupasa nkwika", kangapo konse mpaka tonse tinaseka. Akuti ngati kuika kwake ndi kubwezera chinthu pamalo pake, monga mmene ndimabwezera mbale m'kabati ndikatsuka, ndiye akuvomera, chifukwa mpunga malo ake ndi m'mimba mwa wanjala.

Funso la agogo a ku Nsanje ndinafunsanso, loti kodi iwo safunadi kanthu. Anakhala chete nthawi yaitali, dzanja lili m'kathumba ka mikanda kaja. Kenako anati amafuna, ndipo amafuna kwambiri: kuti tsiku lomwalira lilime lawo lidzakhale likutchula dzina la Krishna, osati kufunsa za makiyi a nyumba. Akuti mphika wa Lamulungu uja ndi wophunzitsira manja kumasula.

Za kuikiza mbuzi ndinafotokozanso, bambo a ku Mchinji, musati ndinakusiyani. Anamvetsera bwinobwino mpaka pa manyowa ndi kamwana, kenako anafunsa kuti nanga mbuziyo mwini wake akadzaitenga amakaitani. Ndinangoti ndikaone madzi pamoto.

Mawa ndi Ekadashi, tsiku limene sadya mpunga, ufa kapena nyemba, ndipo limabwera kawiri pamwezi. Ndiye ndikasende mbatata. Mnyamata wofuna nyama uja ndamuona m'mawa pamphambano, wandifunsa ngati Lamulungu tibweranso.