Dizaini yanga ikumatuluka yopindika ikafika kwa ma developer

Mlongo wa ku Randburg: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pa timu yathu ku Sandton wa dizaini ndine ndekha, ndipo timayendera ma sprint, ndiye kuti ntchito timaigawa m'zigawo za masabata awiri awiri. Ndimajambula zonse mu Figma, pulogalamu yojambulira masikirini, n'kupereka kwa ma developer (olemba khodi) Lolemba, koma tsiku la demo, loonetsa zimene amanga, ndimapeza batani lasuntha, mawu adukira panjira. Ndikafunsa akuti "mu tikiti munalibe zimenezo", kutanthauza malongosoledwe a ntchito amene amapatsidwa. Iwonso akuti ndimawachedwetsa. Anzanga muno mu Joni mumatani?

Developer wa ku Braamfontein: Achemwali, ndiyankheko ngati mmodzi wa oimbidwa mlanduwo. Zimene mumatipatsa kawirikawiri ndi sikirini ya tsiku labwino: netiweki ilipo, dzina la kasitomala ndi lalifupi, mu akaunti ndalama zilimo. Nanga magetsi a Eskom akathima, netiweki n'kugwa munthu ali mkati molipira, aone chiyani? Nanga mndandanda ukakhala wopanda kanthu? Mukapanda kujambula zimenezo timapeka tokha, ndiye kupeka kwa developer Lachisanu madzulo mukukudziwa. Komanso inu mumajambulira pa sikirini yaikulu ya mu ofesi, pomwe kasitomala ali m'takisi ya ku Soweto ndi kafoni ka Android kotambalala ma pixel 360 okha. Mawu a isiZulu kapena Sesotho akalowa pa batani lija, sakwana.

Mkulu wa ku Rosebank: Zoona izo. Ife tinakonza chonchi: wa dizaini amatsogola ndi sprint imodzi, osapitirira apo. Pamene ma developer akumanga za sabata ino, iye akuyesa za kutsogolo ndi makasitomala. Koma chachikulu n'chakuti azikhala nawo pa refinement, msonkhano wokambirana ntchito zikubwerazo, tikiti isanapatsidwe mapointi oyezera kukula kwa ntchitoyo.

Developer wa ku Braamfontein: Abwana, kutsogolako ndikuvomera, bola kusasanduke kuponyerana ntchito pawindo. Asanamalize kujambula, andiitane kwa mphindi 15, ndimuuze kuti ichi n'cha tsiku limodzi, icho n'cha sabata yathunthu. Nthawi zina kusintha kakang'ono pa chithunzi kumapulumutsa sprint yonse.

Mlongo wa ku Randburg: Vuto ndi loti stand-up yawo, kamsonkhano kachidule ka tsiku ndi tsiku, amachita ine ndili pa msonkhano wina.

Mkulu wa ku Rosebank: Ndiye yambirani pomwepo mlongo, muuzeni Scrum Master, woyendetsa misonkhano ya timu, asunthe nthawi. Kenako pa retro, msonkhano wounika mmene sprint yayendera, pemphani kuti mu Definition of Done, mndandanda wa zoyenera kukwaniritsa kuti ntchito itchedwe yatha, awonjezemo mzere umodzi: tikiti isatsekedwe wa dizaini asanaione pa foni yeniyeni. Osati pa kompyuta ayi, pa foni, yotchipa yomwe ija. Za mitundu ndi mipata musamakanganenso pakamwa. Ikani zonse mu ma component, tizidutswa ta dizaini togwiritsa ntchito mobwereza, iwo azikatenga manambala mu Dev Mode, gawo la Figma la ma developer.

Mlongo wa ku Randburg: Retro yathu ndi Lachinayi, ndikayamba ndi za foniyo. Achimwene a ku Braamfontein, mndandanda wa masikirini a "tsiku loipa" muli nawo wolembalemba?

Developer wa ku Braamfontein: Ndi waufupi: ikudikira, yalephera, mulibe kanthu, netiweki yaduka, mawu atalika. Yolipira ija muyambe nayo.