Kugona pa ryokan ku Japan: kodi Msilamu angasambe bwanji m'madzi otentha aja?

Mphunzitsi wa ku Namwera:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Mwezi wamawa ndikupita ku Japan kukachita maphunziro, ndipo otiitana akonza zoti tikagone usiku umodzi ku Hakone, pa nyumba ya alendo yachikhalidwe chawo yotchedwa ryokan, yomwe ili ndi akasupe a madzi otentha. Ndamva kuti anthu amalowa m'madzimo osavala kanthu, ndipo ine monga Msilamu nkhaniyi yandisowetsa mtendere. Ndingachite bwanji kuti ndisakhumudwitse eni nyumba?

Bambo a ku Monkey Bay:
Aphunzitsi, mwamvazo n'zoona, pakuti ngakhale kabudula saloledwa m'madzi amene iwo amati onsen. Amuna ndi akazi amasamba kosiyana monga timachitira kuno kunyanja, ndipo pakhomo la amuna pamapachikidwa nsalu ya buluu pomwe la akazi pamakhala yofiira. Komabe palibe amene adzakukakamizeni kulowa. Funsani ngati ali ndi kashikiri, bafa limene munthu amabwereka n'kudzitsekeramo yekha kapena ndi banja lake. Ine ndinatero, ndipo ndikanadandaula kwambiri ndikanabwerako osalawa madziwo. Musanalowe, khalani pa kampando kamene kali pambali, musambe ndi sopo n'kutsukuluza thovu lonse, chifukwa dziwelo ndi longoviikamo thupi loyera kale. Kathaulo kanu kasakhudze madzi; ambiri amakapinda n'kukaika pamutu. Madziwo amatentha pafupifupi madigiri 40, choncho musakhalitsemo mungachite chizungulire.

Mayi a ku Malindi:
Ine nkhawa yanga ili pa chakudya, achimwene. Kawirikawiri mtengo wa chipinda umaphatikiza chakudya chamadzulo chotchedwa kaiseki, chomwe chimabwera m'timbale tambirimbiri ndipo amachikonzeratu, kotero auzeni kudakali masiku kuti simudya nkhumba. Mutchulenso sake ndi mirin, chifukwa ndi mowa umene amathira mu msuzi. Nsomba zina amazipereka zosaphika, ndipo kwa ife ozolowera chambo chootcha zimafuna kulimba mtima. Nsapato muzivule pakhomo, ndipo pa mphasa zawo za tatami musapondepo ndi masilipasi omwe. Mkanjo umene amapatsa alendo, wotchedwa yukata, muuvale mbali ya kumanzere ili pamwamba, popeza mwinamo ndi mmene amavekera maliro.

Mphunzitsi wa ku Namwera:
Zikomo kwambiri nonse, mtima wakhala m'malo. Za mowa wa mu msuzizo sindikanaziganizira n'komwe. Ndiwalembera otiitanawo lero lomwe kuti afunse za kashikiri komanso za chakudyacho.