Pasipoti ya mwana wa akulu anga: bambo ake akukana kusaina, nditani?

Nabanda wa ku Khombedza:
Abale, ndigawireniko nzeru. Ndikulera mwana wa akulu anga, mtsikana wa zaka 9, ali sitandade 4. Amayi ake anapita ku Joni iye ali ndi zaka 3, amagwira ntchito ya m'nyumba. Chaka chino akufuna mwanayu akawaone pa holide ya Disembala, ine ndimuperekeze pa basi. Pasipoti yanga ilipo, yavuta ndi ya mwana.

Ndamva kuti pamafunika kalata ya chilolezo ya makolo onse awiri. Bambo ake ndi msodzi, banja linatha mwana akadali kumsana, pano anakwatira kwina ku Nkhotakota. Chichokereni sanagulepo ngakhale kope limodzi, koma dzina lawo lili pa satifiketi ya kubadwa. Nditawaimbira anandiyankha kuti tikufuna tikawagulitsire mwana ku Joni. M'mawa mwake anaimba okha kuti akhoza kusaina tikawatumizira thiransipoti ndi kangachepe ka sopo. Kodi ine monga mayi wake wamng'ono sindingasaine? Nanga amalume ake? Ndipo ndikonzekere ndalama zingati?

Aphiri a ku Benga:
Chemwali, mwachita kuwapatsa ulemu wosayenera bambo amenewo. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Akulu anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndiye uyu anaterereka kalekale. Tengani amalume ake, atenge kalata kwa anyakwawa, mupite ku Lilongwe. Musamupatse ngakhale tambala.

Make Tadala, Kamuzu Road:
Aphiri, za tambala ndikugwirizana nanu, koma zinazo muwataitsa thiransipoti mayiwa. Umwini mbumba umagwira ntchito pa maliro ndi pa chinkhoswe. Pa kauntala ya Immigration amaona pepala, ndipo pepalalo likunena kuti mwana ali ndi mayi ndi bambo, onse amoyo.

Ine ndinapangitsa ya mwana wanga mu 2024. Ndinanyamula satifiketi ya kubadwa ya ku NRB (ofesi ya boma yopereka ziphaso za unzika ndi za kubadwa), makope a ziphaso za unzika, changa ndi cha bambo ake, ndi kalata ya chilolezo yosainidwa. Khadi la kusikelo si satifiketi, ambiri amasokoneza pamenepa. Mwanayo mupite naye, amamujambula konko.

Za mtengo: chaka chimenecho mu Malichi boma linatsitsa pasipoti wamba kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000, kutsatira nyengo ija kusindikiza mapasipoti kunaima. Ya mwana ili ndi mtengo wakewake, yachangu nayo wake, ndipo mitengoyi imasintha, ndiye musananyamuke onani pa tsamba la Facebook la Immigration kapena muwaimbire. Kumbukiraninso kuti ya mwana imatha pa zaka 5, osati 10 ngati yanu ija.

Koma ndikuuzeni, chomwe chinandidyera ndalama ine si pasipotiyo. Ndi msewu. Kuchoka pa Salima kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, anthu awiri, kupita ndi kubwera, kenako ulendo wina wokatenga. Inu muonjezepo ya kuchokera ku Khombedza. Mukaiwala pepala limodzi ndiye ulendo wachitatu umenewo. Ine ndinadzuka 4 koloko m'mawa, mwana ndinachita kumumangira mbatata yootcha m'kansalu chifukwa zakudya za m'tauni si zoseweretsa.

Kunja kwa geti mukakumana ndi madobadoba, ena ovala bwino kuposa mabwana. Wina anandiuza kuti siginecha ya bambo ndi nkhani yaing'ono, iye atha kukonza. Musayerekeze. Lipirani pamalo ovomerezeka basi, mutenge risiti ya boma, muisunge ngati diso.

Kalata ya akulu anuwo isakhale ya pa WhatsApp. Akalumbire ku polisi ya komweko kapena ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Johannesburg, idindidwe, aitumize yeniyeniyo pamodzi ndi kope ya pasipoti yawo. Mabasi a ku Joni amanyamula makalata tsiku ndi tsiku.

Mphunzitsi wopuma, Nkhotakota boma:
Mayi Nabanda, zimene anena Make Tadala ndi zoona. Ndionjezere pa bambo wokanayo.

Choyamba, wina asakunamizeni kuti mungolemba kuti anamwalira kapena sakudziwika kumene ali. Mukatero mudzafunsidwa satifiketi ya imfa kapena kulumbira pamaso pa majisitireti, ndipo kulumbira bodza ndi mlandu. Munthuyo ali moyo, foni yake mukuidziwa, tsiku lina adzamva.

Njira ilipo. Pitani ku ofesi ya Social Welfare pa boma la Salima, mukafotokoze kuti mwana mukulera ndinu kuyambira liti, ndipo bambo akukana chifukwa chiyani. Iwo amatha kuitana mbali zonse ziwiri. Zikakanika pamenepo, nkhani imapita ku khothi. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaika patsogolo ubwino wa mwana, osati mkwiyo wa makolo. Lamulo lomwelo limatinso bambo ali ndi udindo wopereka chithandizo, banja lithe lisathe. Ndiye munthu wofuna ya sopo uja mungomukumbutsa mwaulemu kuti mukafika ku khothi nkhani ya zaka zonse zimene sanagule kope idzatulukanso. Ambiri cholembera amachipeza msanga akamva zimenezo.

Chilolezochi musachione ngati nkhanza. Ana akhala akutulutsidwa m'dziko muno ndi anthu odzitcha azakhali, n'chifukwa chake mu 2015 kunabwera lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu. Inuyo muyenda ndi mwana amene simunabereke, kudutsa pa Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Pa chipata chilichonse wina akhoza kufunsa kuti mwanayu ndi wa ndani. Pasipoti ikatuluka makalata aja musawasiye m'sutikesi kunyumba, ayende nanu m'chikwama cha m'manja.

Bambo wina wa ku Dwangwa:
Nonse mwamugwera mwamunayo, mwina n'koyenera, sindikumudziwa. Koma ine ndinasaina kalata yotereyi ndi mtima umodzi, akuti mwana akupita ku holide. Pano ndi chaka chachinayi, ndimamuonera pa foni, Chichewa chikumuthawa. Akamati mukandigulitsira mwana, mwina akuopa zimenezo, kungoti pakamwa pakutuluka zina. Mayi, funsitsani akulu anuwo ngati tikiti ndi yopita ndi kubwera.

Nabanda wa ku Khombedza:
Zikomo nonse. Abambo a ku Dwangwa, mawu anu andikhala pamtima. Ndinawafunsa akulu anga usiku womwewo, anayamba akhala chete kaye, kenako anati mwana abwerera sukulu isanatsegulidwe mu Januwale. Ndawauza kuti masikuwo alembedwe m'kalata yawo yolumbira, tsiku lopita ndi tsiku lobwera.

Aphiri, amalume ake anagwira ntchito ndithu, koma osati ku Lilongwe. Loweruka anakwera minibasi kupita ku Nkhotakota, anakakhala pansi ndi amene anali ankhoswe a kuchimuna. Bambo aja avomera kusaina akaona kalata ya amayi ake ili ndi masikuwo. Za sopo sanazitchulenso, koma thiransipoti yofikira pa Salima akuifunabe, ndipo ndaganiza zongowapatsa chifukwa ndi yochepa kuyerekeza ndi maulendo a ku khothi. Chatsala ndi chiphaso chawo cha unzika, akuti chinanyowa m'bwato ndipo chithunzi sichikuoneka bwino. Make Tadala, kope ya chiphaso chotero analandirapo, kapena ayambe akapangitsa china ku NRB?