Ndingatsimikize bwanji kuti kontirakitala ali ndi inshuwalansi yeniyeni?

Moni nonse akuluakulu a pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munamangitsapo nyumba kudzera mwa kontirakitala, chifukwa ine ndinapsapo kale chala ndipo sindikufuna kubwereza.

Pamene ndinkamangitsa maziko, ndinalemba mmisiri wina popanda mgwirizano wolembedwa. Tsiku lina mnyamata wake mmodzi anaponda thabwa lofuka, n'kugwera m'ngalande ndi kuthyoka mkono. Mmisiriyo anazimitsa foni, ndipo abale a wovulalayo anabwera kwa ine monga mwini malo, moti ndalama ya simenti inathera kuchipatala.

Tsopano ndikufuna kukweza zipupa mpaka kufolera, ndipo ndapeza makontirakitala awiri. Woyamba ndi wokwera mtengo, koma wandipatsa mndandanda wa zipangizo zonse ndi kuchuluka kwake, komanso wanditengera ku nyumba ziwiri zimene anamanga, kumene ndinacheza ndi eni ake iye atatalikira. Wachiwiri ndi wotsika mtengo kwambiri ndiponso wokoma pakamwa, koma akufuna theka la ndalama ntchito isanayambe. Nditamufunsa za inshuwalansi, wanditumizira chithunzi cha chikalata chosaoneka bwino, chimene dzina lake likusiyana pang'ono ndi la pa kalata yake yosonyeza mtengo wa ntchito, ndipo chikutha mphamvu miyezi iwiri ikubwerayi pamene ntchito itenga miyezi isanu.

Kodi chikalata chotere ndingachitsimikize bwanji? Nanga inshuwalansi imodzi imakwanira pa ngozi zonse?

Yankho loyamba: Pepani ndi zimene zinakuonekerani. Pa inshuwalansi pali zinthu zitatu zosiyana zimene muyenera kufunsa. China chimateteza nyumba yomangidwayo ndi zipangizo ku moto, mphepo kapena akuba, china chimalipira munthu wapadera akavulala kapena khoma la oyandikana nanu likawonongeka, ndipo chachitatu ndi chipukuta misozi cha antchito, chomwe ndi chimene chinasowa pa vuto lanu lija. Imbirani kampani ya inshuwalansiyo pa nambala imene mwaipeza nokha, osati ya pa chithunzicho, muwauze nambala ya chikalata, ndipo mufunse ngati chinalipiridwa komanso ngati chikuphatikiza aganyu ndi amisiri ena amene kontirakitalayo angawalembe, monga a magetsi. Dzina la pa chikalata lifanane ndendende ndi la pa mgwirizano.

Yankho lachiwiri: Theka la ndalama musapereke. Lipirani m'magawo, zipupa zikafika pa lintala, kenako denga likatha, ndipo mulembe mu mgwirizano kuti musunga 5 kapena 10 peresenti kwa miyezi 6 mpaka 12 kuti ming'alu ndi kudontha zikaoneka adzabwere kudzakonza.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Ndauza wachiwiri uja kuti mawa ndiimbira kampaniyo, ndipo wayankha kuti ndidikire kaye chifukwa akukonzetsa mapepala. Kodi ndimudikiredi, kapena ndingopitirira ndi woyamba uja?