Kodi "kukana kwa mtuwagalu" kunachokera kuti?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Abusa athu polalikira pa Mateyu 26 anati Petro anawakana Ambuye kwa mtuwagalu. Mawuwa timawamva pa wailesi wina akamakana mlandu, koma galuyo akubweramo bwanji? Nanga n'koyenera kunena choncho za Petro, munthu amene analira ndi kuwawa mtima usiku womwewo?

Mayi wa Mvano, Dedza: Mwanangu, "mtu" ndi mutu basi, akale ankafupikitsa. Mmene ankatifotokozera agogo anga, Mchewa sadya galu. Njala ikavuta munthu amadya madeya, ngakhale mizu ya nthochi, koma mutamuikira mutu wa galu m'mbale angaikankhire kutali osayang'anamo kawiri. Kukana kwa mtuwagalu n'komweko, kopanda "ndiganizire kaye", ngati chinthucho n'chonyansa.

Mkulu wa mpingo, Ntcheu: Amayi anena zoona. Abusa sanalakwitse, koma mawuwo akuyenera kukana kwachitatu. Werengani ndime 69 mpaka 75 mofatsa. Poyamba, mdzakazi atamuloza pabwalo, Petro anangozemba, akuti sakudziwa zimene mtsikanayo akunena. Kachiwiri, ali kuchipata, anawonjezapo lumbiro. Ndipo taonani, dzina loti Yesu silinatuluke pakamwa pake, anangoti "munthuyo". Kachitatu atamuuza kuti kalankhulidwe kake kakumuulula, poti anali wa ku Galileya, anayamba kutemberera ndi kulumbira. Apo ndiye mutu wa galu uja. Chimandipweteka n'chakuti ndi Petro yemweyu amene madzulo ake anati ngakhale kufa afa nawo limodzi. Za kulirako musadabwe. Luka 22:61 akuti Ambuye anapotoloka n'kumuyang'ana. Misozi sinafafanize kukanako, anachita kumubweza ndi Yesu mwini pa Yohane 21, pomufunsa katatu ngati amamukonda.

Mlongo wanu ku Johannesburg: Abambo, ine mantha anga ali pena. Ndani wa ife anaimapo pagulu n'kulumbira kuti Yesu samudziwa? Palibe. Tito 1:16 amanena za anthu ovomereza Mulungu pakamwa koma omukana ndi ntchito zawo. Wogulitsa chimanga amene anakhomerera pansi pa chigoba kuti muzilowa chochepa, Lamulungu ali kutsogolo kwa kwaya. Khanda likupita ku ubatizo litavala zoyera, m'chiuno muli chithumwa chomwe amayi ake abisa bwinobwino pansi pa thewera. Sindikuweruza, mantha a matenda a mwana ndimawadziwa. Koma Petro naye anali ndi mantha omwewo, ndipo iye tambala anamudzidzimutsa. Kukana kwathuku kumatha zaka popanda wotidzutsa.

Wofunsa: Zikomo nonse, za galu ndamva. Achemwali, mwandisiya ndi funso lina. Kodi akale anali ndi mwambi wonena za kukana kwachinunu kumeneku, kwa munthu amene pakamwa akuvomera koma manja akukana? Amayi a ku Dedza, agogo aja sanasiyepo kanthu?