Thandizeni, andisiyira pepala pageti chifukwa cha zinyalala zomwe si zanga

Wobisa dzina: Admin chonde musaonetse dzina langa, azilamu anga ali momwe muno. Abale ndithandizeni nzeru, usiku wonse sindinagone. Kuseri kwa mpanda wathu kuli puloti yomwe mwini wake anangothira faundeshoni n'kusowa, ena akuti ali ku Kitwe, ena akuti anamwalira. Chaka chachitatu chino anthu anasandutsapo dzala. Matewera a ana, mapaketi a chibuku, nthenga za nkhuku, tsiku lina mpaka galu wakufa. Ntchentche zake ndi zobiriwira zija, ungovundukula mphika zafika kale. Dzulo pobwera ku msika wa Soweto muno mu Lusaka kokaoda tomato ndapeza pepala, mtsikana wantchito akuti anasiya ndi anthu atatu ovala majekete owala. Mtsikanayu ndi wa kwawo kwa amuna anga, ine ndinamukana koma apongozi anachita kukakamiza, mlendo akabwera safunsa n'dzina lomwe, maso pa foni basi. Amuna anga ali ku Nakonde ndi thiraki, ndikaimba akungoti uona wekha, chonsecho ya lendi sanatumize. Alandilodi nawo akweza ndi K300 pomwe madzi amatuluka usiku okha. Ine mtima wanga ukundiuza kuti wandinenera ndi neba wakumanzere, tinayambana pa chilimba chaka chatha ndipo mpaka lero sanandibwezere poto wanga wamkulu. Kodi angandimange? Ndili ndi BP.

Aphunzitsi a ku Kabwata: Amai, pepalalo lalembedwa chiyani? Lili ndi chidindo ndi deti? Nanga muli komboni iti?

Mdala wa ku Matero: Pepala pepala chiyani! Vuto la Lusaka ndi ANTHU. Ine ndili mu tauni muno kuyambira nthawi ya Kaunda, tinali ndi mabini achitsulo pakhomo ndipo galimoto inkabwera tsiku lake. Lero munthu wamkulu ndi tayi yemwe amatsegula buti usiku n'kutsitsa saka pa kona ngati akutaya mtembo. A Mwanawasa anayambitsa kampeni ya ukhondo mu 2007, a Lungu anaidzutsanso mu 2018, tinasesa ma Loweruka angapo pamaso pa makamera kenaka zii. Chomwe chinagwira ntchito ndi chimodzi chokha, asilikali. January 2018 atalowa mu tauni chifukwa cha kolera, Freedom Way ndi Lumumba munkaona phula, ngalande zinaoneka pansi pake. Bwezani asilikali basi!

Amake mapasa: Inu mwina bola pepala. Ine ndinalipira kampani yonyamula zinyalala miyezi itatu pamodzi, galimoto inabwera kawiri n'kusowa masabata asanu. Masaka anaunjikana pageti, agalu anang'amba, mphutsi mpaka pakhonde. Ndikaimba ati galimoto ili ku garaji. Ndiye mukufuna munthu atani, adye zinyalalazo?

Mnyamata wa minibasi: Mami osawopa, ku maselo nsima ni yaulele 😂 Koma poto yeve pitani mukatenge, ndiye mlandu weniweni apa.

Mdala wa ku Matero: Iwe khala chete. Zitsononkho ndi mabotolo zodzaza mu ngalande za Great North Road zimatulukira pa mawindo a basi yako. Unayamba waikamo kabini?

Mnyamata wa minibasi: Mdala, malo ya bini ni mpando wa kasitomala. Cashing muzanilipilira ndimwe?

Mlongo wa ku Chawama: Kumbani dzenje pakhomo panu, likadzaza muziotcha. Ife timatero, palibe amativuta. Za pulotiyo lembani chikwangwani kuti WOTAYA PANO ADZATUPA MIMBA, mumangirirepo kansalu kofiira ndi kabotolo. Kwathu zinasiya sabata yomweyo.

Nesi wopuma: Mlongo wanga, kansalu kofiirako ndaseka, koma za dzenje ayi. Mu Lusaka kukumba dzala ndi kuotcha zinyalala n'koletsedwa, ndipo chifukwa chake chilipo. Tauni ino inakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu, madzi apansi ali pafupi. Ku Kanyama ndi ku George mvula ikagwa, za m'dzenje, za m'chimbudzi ndi za pachitsime zimakhala madzi amodzi. Ine ndaonapo munthu wamphamvu zake kulowa m'mawa akuyenda yekha, pofika madzulo maso alowa m'kati, khungu ukalitsina silibwerera. Kolera ya 2023 mpaka 2024 inatenga anthu oposa 700 m'dziko muno, Heroes Stadium inasanduka chipatala kachiwiri, ana anatsegulira sukulu pa 12 February m'malo mwa 8 January. Matewera amene mayiwa akunenawo ndi amene akundiopsa ine, osati pepala.

Mdala wa ku Matero: Mwamva? KACHIWIRI. Bwalo la mpira kugonekamo odwala kawiri m'zaka zisanu ndi chimodzi, koma anthu akadali kukodza mu mabotolo n'kuponya mu ngalande. Ngalande ya Bombay anaimanga bwinobwino ndi ndalama za a ku America, pitani mukaone zomwe zimayandama m'menemo. Firiji yakufa ndinaionamo ndi maso angawa.

Wa ku Chelstone: Mdala, asilikali sangakhale mu msewu chaka chonse. Funsani za CDF, ndalama ya chitukuko yomwe boma limapereka ku dera la phungu aliyense. Inachoka pa K1.6 miliyoni kufika K25.7 miliyoni mu 2022, bwanji wadi iliyonse isakhale ndi thirakitala ndi ngolo yake? Munthu wa mu komboni sakonda uve, alibe potaya. Tauni yonseyi, kuchokera ku Bauleni mpaka ku Lilanda, zinyalala zonse zizikathera ku dzala lalikulu la Chunga, mtunda wonsewo mafuta alipira ndani?

Mdala wa ku Matero: Ndale zayamba. Ndalama ya mowa ndi ya bundle ilipo, ya zinyalala ndiye mpaka CDF? Ine Chunga ndimakhala nayo pafupi, utsi wake ndimaupuma ndine, musandiphunzitse.

Wa ku Chelstone: Ndani watchula chipani apa? Werengani bwino musanayankhe.

Mayi wa salaula: Ine langa ndi mapulasitiki. Anati kuyambira lamulo la 2018 opyapyala osafika ma microns 30 ndi oletsedwa, m'masitolo akuluakulu tinayamba kugula zikwama. Koma pa msika tomato wa K5 pulasitiki, kapenta pulasitiki, makala pulasitiki. Mbuzi ya mchimwene wanga ku Chongwe itafa anapeza mimba yonse ndi mapulasitiki okhaokha.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Amene mukuti ndikumbe dzenje, alandilodi sangalole, ngakhale maluwa anandizulitsa. Neba uja lero m'mawa wandidutsa osapereka moni, ndiye mukuona nokha. Apongozi nawo aimba kale ati ndachititsa manyazi banja, ndiye kuti mtsikana uja wawauza.

Aphunzitsi a ku Kabwata: Amai, ndafunsa kale. Pepalalo likuti chiyani? Chenjezo ndi chisamani ndi zinthu ziwiri. Chenjezo limakupatsani masiku oti mukonze kapena muonetse kuti muli ndi okunyamulirani. Chisamani chimatchula tsiku lokaonekera, ndipo limenelo mukaliphonya nkhani imakula. Lamulo lake ndi Solid Waste Regulation and Management Act, nambala 20 ya 2018. Mwachidule, khomo lililonse liyenera kulembetsa kwa onyamula zinyalala ovomerezeka m'dera lake, kumayadi ndi makampani, mu komboni nthawi zambiri ndi timagulu tija timati ma CBE. Chokutetezani ndi malisiti. Muli nawo?

Kalaliki wa pa Cairo Road: Kuwonjezera pa aphunzitsi, wina akabweranso n'kunena kuti tingothana pompano, musatulutse ndalama pageti. Tengani pepalalo ndi chitupa chanu cha NRC mupite nokha ku maofesi a khonsolo ku Civic Centre pa Independence Avenue, mufunse a zaumoyo, akuuzani ngati ndi lenileni. Jambulani mulu wa zinyalalawo, muuzenso a WDC, komiti ya chitukuko ya wadi yanu, ndi khansala wanu kuti afufuze mwini puloti. Ndipo ngati pepala lili m'dzina la alandilodi, apatseni lawo.

Mdala wa ku Matero: Khansala mumamuona nthawi ya kampeni yokha.

Wobisa dzina: Malisiti ndilibe. Ife zathu amatenga ndi kamnyamata ka wilibala, timakapatsa K10 pa saka, Lachiwiri ndi Lachisanu m'bandakucha. Ndi kaulemu kwambiri, kamandithandizanso kunyamula mabokosi a tomato.

Nesi wopuma: Mwana wanga, kamnyamatako kamakataya kuti?

Wobisa dzina: Sindinakafunsepo. Koma sikachedwa, mphindi zisanu kabwera kale kudzatenga saka lachiwiri.

Mnyamata wa minibasi: Mphindi zisanu kufika ku Chunga na wilibala 😂😂😂 Mami uyo mwana mupelekeni ku Olympics.

Mdala wa ku Matero: NDINANENA INE! Anyani kusekana zikundu. Mwatidandaulitsa tsiku lonse ndi neba, apongozi, poto, kumene dzala lake ndi lanu lomwe! Galu wakufa yekhayo ndiye mwina si wanu. Anthu ngati inu mu 2018 ankakugwiritsani fosholo pompo, ndi chitenje chanu cha ku tchalitchi chomwecho.

Amake mapasa: Mdala tsitsani mawu, ndani muno sanapatsepo wa wilibala? Ine masabata asanu aja mukuganiza masaka anachoka bwanji?

Wobisa dzina: Musandiweruze chonde. Mtsikana akuti anthuwo anamuonetsa envulopu yokhala ndi dzina la amuna anga, ati anaitola pamulupo. Koma ikhoza kukhala kuti inauluka ndi mphepo, kapena neba uja anaiponyapo dala.

Kalaliki wa pa Cairo Road: Za mphepo musakanene kumeneko. Lembetsani lero kwa onyamula ovomerezeka, mupite ndi lisiti loyamba m'manja, mukafotokoze za wilibala momwe mwafotokozera pano.

Aphunzitsi a ku Kabwata: Kachitatu tsopano. Deti lili papepalalo ndi liti?

Wobisa dzina: Ndiona madzulo. Mtsikana anakulungira mandazi a mwana popita ku sukulu, ndikudikira aweruke.

Mlongo wa ku Chawama: Kansalu kofiira ndili nako kotsala ngati mukufuna.